Benchi Yamakono ya a Nyasulu

Munthu akakhala kalaliki zaka khumi ndi zisanu pa kampani yopanga mipando ku Kanengo, amayamba kudziona ngati nayenso ndi kalipentala, chonsecho chimene wagwirapo moyo wake wonse ndi bolopeni. A Laws Nyasulu anali otero ndithu: atawachotsa ntchito mu 1996, anagula matabwa a mlombwa, najambula okha benchi yopalirapo matabwa, "yamakono, yochita chilichonse," nasiyira pepalalo a Kassimu, mmisiri wa ku Machinga amene anawalemba ntchito, iwo n'kupita kumaliro ku Kasungu masiku anayi.

Akazi awo, NyaChirambo, anali atanena kale mosapsatira mawu: Lachinayi lino akachoka ku msonkhano wa amayi kutchalitchi n'kupeza benchi isanaime, alongedza mbale, banja lonse libwerere kwawo ku Bolero likalime fodya. Tangoganizani! Bambo wovala tayi ngakhale pokagula makala, akatsike basi kumudzi ndi masutikesi, azilamu ake akuonerera? A Nyasulu ankaopa zimenezo kuposa matenda. Ndiye Lachinayilo masana atatsika minibasi pa Kawale, sanalowe n'komwe m'nyumba kukamwa madzi, anangolunjika ku kashedi ka malata kuseri.

"Odi amisiri! Yatha?"

"Yatha, bwana," anatero a Kassimu, akusasa utuchi m'ndevu. "Dzulo lomwe."

"Monga mwa pepala?"

"Monga mwa pepala."

"Simunathiremo nzeru zanu za pansi pa mtengo wa mango zija?"

"Munandiletsa. Munati inchi imodzi papepala ndi futi imodzi pathabwa, ndisawonjezere, ndisachotsere. Mutu wanga ndinkausiya kunyumba ku Mgona m'mawa uliwonse."

"Basi, mwayamba kutukuka. Vundukulani."

A Kassimu anakoka masaka amene anafunditsa ntchitoyo. A Nyasulu anayang'ana. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, kuwavalanso, koma chinthucho sichinasinthe. Chinali chitapendekera kumbuyo ngati galu wofuna kukhala pansi koma akuchita manyazi ndi alendo.

"Ichi n'chiyani?"

"Benchi."

"Ikugwatu iyi!"

"Ayi, yaima. Yaima chonchi chiyambire dzulo."

"Mwendo wakumbuyowu mwaufupikitsiranji?"

A Kassimu anatulutsa pepala lija m'thumba la ovolosi, nalitambasula mwaulemu ngati kalata ya kukhoti, naikapo rula.

"Yakutsogoloyi, mainchi atatu. Ndadula mafuti atatu. Wakumbuyowu, mainchi awiri. Ndadula mafuti awiri. Yezani nokha."

"Yayi, yayi, yayi! Umaoneka waufupi chifukwa uli kutali!"

"Kutali kuti?"

"Kumbuyo, bambo inu! Bwerani kuno." A Nyasulu anawakokera pa mpanda wa udzu, naloza kumsewu. "Mapolo a magetsi awo mukuwaona?"

"Ndikuwaona."

"Ili lapafupili ndi lomwe lili uko kumsika, lalitali ndi liti?"

"Onse n'ngofanana."

"Yang'anani bwino! Lakutalilo silikuoneka lalifupi?"

"Likuoneka. Koma si lalifupi. Ndinalipo tsiku limene ankawazika."

"Ehee! Ndi zomwezo! Mwendonso uwu ukungooneka, chifukwa uli kutali!"

A Kassimu anaika chala chachikulu pa mwendo wakutsogolo papepalapo, chamkombaphala pa wakumbuyo, nawaonetsa.

"Kutali kwake kuti, bwana? Yonse ndaigwira ndi dzanja limodzi."

"Ndi mmene akatswiri amajambulira!"

"Ooo. Amajambula zabodza?"

"Si bodza! Ndi ukadaulo. Amati pesipekitivu. Inu simungazidziwe."

"Zoona, sindimudziwa. Koma ngati papepala alipo, ndiye pabenchinso alipo. Sindinamusiye."

A Nyasulu anazungulira chinthucho kuti aone ngati kuseri kuli nkhani yabwino. Kalanga ine, kuseri n'kumene kunali maliro enieni.

"Imodzi, iwiri, itatu... Wachinayi uli kuti?"

"Wa chiyani?"

"Mwendo!"

"Papepala ilipo itatu."

"Wachinayiwo wabisika kuseri kwa dilowa! Sungaoneke!"

"N'chifukwa chake sindinauone. Ndinaufunafuna, bwana, ndinayang'ana pepala padzuwa, ndinabwerekanso magalasi a alandilodi. Mlombwa ndi mtengo wolemekezeka, sungaudule chifukwa cha mwendo wa mphekesera."

"Chibadwire chanu munaonapo benchi ya miyendo itatu?"

"Sindinaonepo."

"Nanga?"

"Yamakononso sindinaionepo. Ndinati kaya, masiku ano a matipate zinthu zikusintha. Ku Kanengo kuja munali makalaliki anayi, atsala atatu, koma kampani ikuyenda."

Mawu amenewo analasa penipeni, ndipo choipa chake n'chakuti a Kassimu sanawanene monyoza ayi. Nkhope yawo inali yoyera ngati ya munthu amene akukuuza nthawi. A Nyasulu anagwetsa maso pansi, ndipo pansipo anakumana ndi matayala.

Matayala ndiwo anali kunyada kwa pulani yonse. Benchi za amisiri a ku Biwi ndi ku Chinsapo zimangokhala pamodzimodzi mpaka chiswe chizidye, koma ya a Nyasulu inayenera kumayenda: m'mawa panja makasitomala aziona, mvula ikabwera m'shedi.

"Chiuta wane! Matayala awa abadwa bwanji?"

"Amenewo ndiye anandivuta," anatero a Kassimu, akuwasisita monyadira. "Lozungulira n'losavuta, mwana aliyense atha. Koma kuti lifanane ndi dzira ngati mmene munajambuliramu, tsiku lathunthu ndili ndi tupa."

"Ndi ozungulira! Ukaliyang'ana chammbali tayala limaoneka choncho!"

"Ine pepala ndinaliyang'ana mwachindunji."

"Ndiye iyenda bwanji?"

"Imayenda. Taonani."

Anaikankha. Benchi inanyamuka, gudu! Inatsika, gudu! Inanyamukanso, n'kuima, ikugwedezeka ngati yamva chizungulire.

"Mwaona? Ubwino wake siithawa. Ikayenda kamodzi imapuma."

"Chokani apo! Nditseke dilowa iyi, ikundinyansa." A Nyasulu anakankha dilowa imene inali yasa kutsogolo. Sinasunthe. Anaikankha ndi bondo. Zi! "Yatani iyi?"

"Musaivute, bwana. Ndaikhomera."

"Mwaikhomera dilowa?"

"Misomali inayi ndi guluu."

"Chifukwa?"

"Munaijambula yotsegula theka."

"Ndinatero kuti muone kuti imatseguka!"

"Ndinaona. Ndiye ndinayeza kutseguka kwakeko, theka la inchi, ndiye kuti mainchi sikisi. Koma poti benchi yapendekera kumbuyo, ndimati ndikangoisiya, yokha tseke! Ndiitsegule, tseke! Ndinati iwe, sungapose pepala la bwana."

A Nyasulu anagwira m'chiuno, nayang'ana kumalata. M'shedimo munkatentha ngati mu uvuni wa buledi, thukuta likutsikira m'kolala.

"A Kassimu, muli ndi zaka zingati pa ntchito imeneyi?"

"Makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi."

"Ndiye pamene munkadula mwendo umodzi waufupi, mumtima mwanu simunamve kanthu?"

"Ndinamva. Mpaka ndinasiya sowo, n'kukakhala panja."

"Bwanji osafunsa?"

"Munali ku Kasungu."

"Ndisanapite!"

"Ndinafunsa. Ndinati, bwana, mwendo uwu bwanji? Inu munati ngati sinditha kuwerenga pulani ndibwerere ku Machinga ndizikasema mithiko."

Zoona, anaterodi. Anakumbukira bwinobwino, ndipo tsikulo mawuwo anawakomera kwambiri moti anakawabwerezanso kwa NyaChirambo pa chakudya. Koma kuti avomere pamaso pa munthu wa ovolosi yong'ambika kuti pulani ya Laws Nyasulu ili ndi vuto? Bola malata awagwere. Anayang'ana wotchi. Ikangokwana folo amayi amakhala atulukamo m'tchalitchi, ndipo NyaChirambo sachedwa panjira ndi miseche ngati anzawo.

Anakonza tayi, natsokomola.

"Tamverani. Benchi iyi ndi yabwino."

"Yabwino?"

"Ndi mmene ndinaifunira."

"Nanga mwakhala mukukalipiranji?"

"Ndimakuyesani. Tsono amayi akafika, akafunsa za kupendekeraku, munene kuti ndi dala, kuti utuchi uzitsetsereka wokha, osavutika n'kusesa."

"Umatsetserekadi."

"Mwaona!"

"Pamodzi ndi puleni, hamala, sikweya, ndi tiyi wanga dzulo."

"Zimenezo musanene! Akafunsa za miyendo, munene kuti kunja benchi zonse zatsopano n'za miyendo itatu."

"Kunja kuti?"

"Kunja! Kumayiko a anzathu!"

"Ndinapitako liti?"

"Simunapiteko, mungonena! Njinga ili ndi matayala awiri okha, imagwa?"

"Njinga imakhala ndi munthu pamwamba akupalasa. Inu mukwerapo?"

"A Kassimu!"

"Ndikungofunsa, bwana, kuti ndisalakwitsenso. Ndiye powauzapo ndiziti 'a Nyasulu akuti', kapena ndiziti ineyo ndikuti?"

"Inuyo! Inu ndiye mmisiri, akhulupirira inu."

"Koma ine sindikuti choncho."

"Mutero lero lokha!"

"Mawa ndi Lachisanu. Ndikalowa bwanji mumzikiti?"

"Aaa, kabodza kakang'ono ngati aka?"

"Ndiye kanenani inu. Inu ndi mkulu wa mpingo, mwina kwa inu amachotserako."

A Nyasulu anapsa mtima zenizeni tsopano. Anavula jekete, nalipachika pa msomali, napinda manja a shati. Manja awo anali osalala ngati a namwino.

"Ndikuonetsani ine. Vuto la amisiri a m'makwalala ndi limeneli, chinthu chatsopano mumachiopa. Benchi iyi igwira ntchito pompano. Patseni puleni."

"Igwireni chonchi, bwana. Mwaitembenuza."

"Ndikudziwa! Ndimaona mpeni wake. Masulani vayisi yopanira matabwayo, muchotse kathabwa ako."

"Sikachoka."

"Nakonso?"

"Papepala vayisi yaluma kathabwa. Ndinakamata."

"Chabwino! Ndipala komweko!"

Anaima motangadza miyendo monga ankaonera amisiri ku Kanengo ali pa windo la ofesi, nakoka mpweya, nakankha puleni ndi mphamvu zonse za munthu woopa Bolero. Puleni inaluma kathabwa n'kukanirira. Benchi ndiyo inayenda. Gudu! Inadumpha pa matayala ake a mazira, n'kutembenukira ku ngodya yopanda mwendo, ndipo dilowa ija, yokhomedwa bwino ndi misomali inayi, inawapeza pa bondo. A Nyasulu anakhala pansi mu utuchi, phwa! Benchi nayo inagona pambali pawo, miyendo itatu m'mwamba, tayala limodzi likuzungulira motsimphina.

A Kassimu anawerama, nayang'anitsitsa ngodya zonse.

"Koma majointi, bwana, mwawaona? Palibe ngakhale limodzi lasuntha."

A Nyasulu anangokhala pomwepo, bondo likuwawa, utuchi uli m'tsitsi, magalasi atalendewera pa khutu limodzi. Ukali wonse unawathera, m'malo mwake munalowa mantha okhaokha. Anaona basi ya ku Rumphi, matiresi atamangidwa pamwamba, ndi alamu awo aakulu ataima pa siteji akumwetulira mwachifundo, chifundo chija chopweteka kuposa mbama.

"Che Kassimu," anatero ndi mawu otsika.

A Kassimu anacheuka kuona ngati m'shedimo mwalowa Kassimu wina. Chiyambire sanaitanidwepo choncho pamalopo.

"Che Kassimu, ine kumudzi ndinachokako ndili mnyamata. Khasu ndinaliiwala. Ndikabwerera chonchi, azilamu anga adzandiseka mpaka tsiku londiika m'manda. Chonde, amisiri. Iwalani pepala. Pangani benchi imene mumaidziwa inuyo, yomweyo ya pansi pa mtengo wa mango. Miyendo inayi."

"Yofanana?"

"Yofanana."

"Yopanda pesi uja?"

"Yopanda. Bola amayi akafika apeze chinthu chitaima."

"Aaa, imeneyo n'kamwana. Miyendo ndi pamwamba ndingaimike mphindi makumi atatu, zina timalize mawa."

"Ambuye akudalitseni! Tiyeni, yambani!"

"Ndi matabwa ati?"

"Otsala! Anali khumi ndi awiri. Chilombo ichi chadya anayi, mwina asanu."

A Kassimu anakanda m'ndevu. Anatenganso pepala lija, nafunyulula mbali ya m'munsi imene inali yopindika, nawapatsa. Pamenepo panali zojambula zina ziwiri, zaukhondo, zolembedwa ndi rula. A Nyasulu anazizindikira msanga, pakuti anazijambula potengera mapulani a ku ofesi kuti pepala lioneke la munthu wophunzira.

"Izi zatani? Iyi ndi benchi yomweyi ukaionera kutsogolo. Iyi ndi yomweyinso ukaionera kumwamba."

"Yomweyi?"

"Yomweyi!"

"Ooo." A Kassimu anawerenga zojambulazo ndi chala. "Papepala zilipo benchi zitatu."

"A Kassimu... mwatani?"

"Tiyeni kuseri."

Anatuluka, a Nyasulu akutsimphina. Kuseri kwa shedi, chotsamira khoma, kunali chinthu cha miyendo iwiri, chopyapyala ngati felemu ya chitseko, kutsogolo kokongola kwabasi, kumbuyo kulibe kalikonse.

"Yachiwiri ndi iyi. Payokha siima, imafuna khoma. Koma siidya malo."

"Mayo ine..."

"Yachitatu ndi iyo."

Pansi, pa dothi, panali chithabwa chachikulu chosalala, chopalidwa bwino mpaka kunyezimira, chopanda mwendo ndi umodzi womwe. Abakha awiri a alandilodi anali atagonapo.

"Imeneyi ndiye ndimainyadira, bwana. Pa zonse zitatu, ndi yokhayi siigwedera."

"Matabwa onse?"

"Onse. Anakwana ndendende. Ndinati koma bwana amadziwa kuwerengera."

A Nyasulu anatsamira khoma, maso ali pa chithabwacho. Kenaka mwadzidzidzi nkhope inawala. Nzeru za ukalaliki, zophatikiza ichi ndi icho, zinadzuka.

"Dikirani! Dikirani! Miyendo iwiri yabwino ili pa iyi. Ina iwiri yabwino ili pa yagwa m'shedi ija. Pamwamba ndi apa! Inayi ndi pamwamba! Mwaona, a Kassimu? Mutu! Pulani yanga inali ndi zonse, inu ndiye simunaimvetse!"

"Bwana, musainyamule."

"Chokani, abakha inu! Gwirani uko!"

"Ndikuti musai..."

Koma munthu amene wangopezanso ulemu wake samva. Anagwira m'mphepete, nadzutsa ndi mphamvu. Chithabwa chija chinalira, thyo! thyo! thyo! n'kugawika zidutswa zisanu, china n'kuwatsalira m'manja.

Anachiyang'anitsitsa. M'mphepete monse munali timabowo tatitali todulidwa bwino, kabowo, mpata, kabowo, mpata, mpaka kumapeto.

"Izi... n'chiyani?"

"Mizere yodukizadukiza ija munajambula pakati."

"Imeneyo imasonyeza matabwa a pansi, amene saoneka!"

"Ooo. Ine ndinaiboola ndi tchizulo. Apa dula, apa siya, apa dula, apa siya. Ndinatupa nazo manja, taonani."

Nthawi yomweyo geti la malata linalira kutsogolo kwa nyumba, ndipo kunamveka mawu amene a Nyasulu akanawazindikira ngakhale pakati pa msika wa Lilongwe.

"Odi kuno! A Nyasulu, mwafika? Ndabwera kudzaona benchi!"

A Nyasulu anayang'ana chidutswa chili m'manja mwawo, nayang'ana a Kassimu. Mawu anatuluka ngati a mwana.

"Palibe chimene tingapulumutse?"

A Kassimu anatola zidutswazo chimodzichimodzi, naziyeza ndi chikhatho, nagogoda china ndi chala kumva kulira kwake. Kwa nthawi yoyamba tsikulo anaoneka ngati munthu amene akuganiza ndi mutu wake.

"Chilipo. Zidutswa izi ndi saizi yabwino. Bokosi lonyamuliramo mbale za amayi lituluka. Lolimba, lofika ku Bolero osasweka kapu olo imodzi."

Dzanja la a Nyasulu, mwa chizolowezi, linapita lokha pa thumba la shati pamene panali pensulo. A Kassimu analigwira pamkono, mwaulemu koma mwamphamvu.

"Ayi, bwana. Mbalezo n'za amayi. Limeneli musajambule."